Tiyi, chiwaya ndi Commissioner Street: mbiri ya zakudya za Matchaina a ku Canton mumzinda wa Joni

Gawo lathu la mbiri mwezi uno likutitengera ku Johannesburg, kapena kuti ku Joni monga timanenera tonse. Kuno kwa Khwethemule n'zosowa kupeza banja lopanda m'bale kumeneko. Ena mwa achimwene ndi achemwali athuwa amagwira ntchito m'mashopu ndi m'makhitchini a Matchaina, ndipo akaimba foni nkhani ya zakudya siilephera: eti abwanawo amadya phala la mpunga lothira nsomba youma, amakonda zipalapasiro za nkhuku kuposa chidali, ndipo tiyi amamwa wopanda shuga ngakhale mkaka. Ife kuno timangoseka. Koma zakudya zimenezi zili ndi mbiri yaitali, ndipo mbiriyo ikukhudza masamba omwe timathyola tsiku ndi tsiku komanso ulendo wa agogo athu.

Kodi ku Canton n'kuti?

Canton ndi dzina lomwe azungu ankatchulira mzinda wa Guangzhou, likulu la chigawo cha Guangdong kummwera kwa dziko la China. Mzindawu uli pa mtsinje wa Pearl, kufupi ndi Hong Kong ndi Macau. Ndi dera lotentha, la mvula yambiri, la mpunga, nsomba, abakha, nkhumba ndi ndiwo zamasamba chaka chonse. Anthu akumeneko ali ndi chinenero chawochawo chotchedwa Cantonese, chosiyana ndi Mandarin yomwe boma la China limagwiritsa ntchito. Munthu wa ku Beijing ndi wa ku Guangzhou aliyense akamayankhula chakwawo samvana. Ndiye tikamati "Matchaina" ngati kuti ndi mtundu umodzi, tikuchita zomwe amachita mlendo woganiza kuti Mlhomwe, Mtumbuka ndi Myao amayankhula chimodzimodzi.

Kuyambira 1757 mpaka 1842, mafumu a ku China analamula kuti zombo za malonda za ku Ulaya zizikocheza pa Canton pokha basi. Choncho tiyi yemwe ankamwedwa ku London m'zaka zimenezo ankadutsa pa doko limeneli. Angerezi anamukonda tiyiyo kwambiri, koma analibe katundu yemwe Matchaina ankamufuna, moti ankalipira ndi siliva. Pofuna kubweza siliva wawoyo anayamba kulowetsa mankhwala ozunguza bongo a opium kuchokera ku India. Boma la China litakana, kunabuka nkhondo ya 1839 mpaka 1842. China inagonja, Hong Kong inapita m'manja mwa Britain, ndipo madoko ena anatsegulidwa mokakamiza.

Angerezi sanalekere pomwepo. Anafuna kumalima okha tiyi m'maiko omwe ankalamulira. Ku Assam, m'dziko la India, anali atapeza kale mtundu wina wa tiyi wa masamba akuluakulu, ndipo mu 1848 kampani ya East India inatuma Robert Fortune kuti akatenge mbewu ndi luso lokonza tiyi ku China. Kuchoka apo minda ya tiyi inafalikira ku India, ku Ceylon, mpaka kufika kuno. Ku Blantyre Mission anayesa mitengo ingapo, kenako mu 1891 Henry Brown anadzala tiyi ku Mulanje. Kuno ku Thyolo anayamba cha m'ma 1908, ndipo esiteti ya Satemwa inakhazikitsidwa mu 1923. Ndiye mukaona mizere yobiriwira ija m'mapirimu, dziwani kuti chiyambi chake ndi mkangano wa pa doko la Canton.

Ngakhale dzina lenilenilo likufotokoza njira yomwe chakumwachi chinadzera. Ife timati "tiyi" potengera Chingerezi, ndipo Angerezi anatengera kwa amalonda a ku Holland, omwe anamva liwu loti "te" kwa anthu a ku Fujian. Koma mukangodutsa pa Muloza n'kulowa ku Milange, mumva akuti "chá". Apwitikizi anakhazikika ku Macau mu 1557, pafupi ndi Canton, kumene tiyi amamutchula kuti "cha". Chinthu chimodzi, maina awiri, malire ali pakati. Abale athu a tsidya ilo akunena liwu la ku Canton m'mawa uliwonse osadziwa n'komwe.

Tiyirumu ya anthu aganyu

Mwambo wotchuka kwambiri wa zakudya za ku Canton umatchedwa "yum cha", kutanthauza kumwa tiyi. Lero umachitikira m'malesitilanti akuluakulu, koma unayambira pansi. M'zaka za m'ma 1800 ku Guangzhou kunali timalo ta m'mbali mwa msewu, ta mabenchi ndi matebulo a matabwa, momwe onyamula katundu pa doko ndi aganyu ena ankapumirako. Munthu ankalipira timakobidi tiwiri n'kulandira tiyi, n'kugulanso kachakudya kotsitsira. Mpaka lero ali ndi mawu otanthauza "tiyi mmodzi, totsitsira tiwiri". Kunena zoona, ndi tiyirumu yomweyi timaidziwa pa Makwasa kapena pa Luchenza: kapu ya tiyi ndi masikono awiri.

Mzindawo utalemera ndi malonda, timalo tija tinakula n'kukhala nyumba zosanja. Ya Tao Tao Ju inayamba mu 1880 ndipo ya Lin Heung mu 1889, ndipo zonsezi zikadalipo ku Guangzhou. Totsitsira tija timatchedwa "dim sum", ndipo tinachuluka mitundu. Pali "har gow", kachikutiro kopyapyala ka ufa komwe mkati mwake muli ma prawn. Pali "siu mai" wa nyama ya nkhumba yogaya. Pali "char siu bao", kabanzi koyera kofewa kokhala ndi nkhumba yootcha yotsekemera mkati. Pali zipalapasiro za nkhuku zomwe amayamba azikazinga, kenako n'kuziphika mpaka khungu kufewa. Palinso mpunga womata wokulunga m'tsamba la duwa la m'madzi, wofanana ndithu ndi mkate wathu wa nthochi wokulunga m'masamba. Zambiri mwa izi amaphika ndi nthunzi m'timadengu ta nsungwi tosanjikiza, ndipo zimabwera patebulo m'timadengu momwemo.

Pali timalamulo take. Suyamba kudzithirira wekha tiyi, umayamba wathirira anzako, makamaka akuluakulu. Wina akakuthirira umagogoda patebulo ndi zala ziwiri pothokoza, monga ife timaombera m'manja kapena kunjuta polandira chinthu. Tiyi akatha sukuwa, umangotsegula chivundikiro cha tipoti pang'ono, woperekera zakudya amadziwa yekha kuti awonjezere madzi otentha.

Kupatula dim sum, kaphikidwe ka ku Canton kali ndi mfundo imodzi yaikulu: chakudya chikhale chatsopano ndipo chimveke kukoma kwake kwenikweni. Sakonda tsabola wambiri ngati anzawo a ku Sichuan. Nsomba amaigula yamoyo, n'kuiphika ndi nthunzi, pamwamba jinja, anyezi wamasamba, msuzi wakuda wa soya ndi mafuta otentha pang'ono. Masamba amawakazinga mphindi zochepa pa chiwaya chozama chotchedwa "wok", pa moto waukali, kuti atuluke akadali obiriwira. Kafungo ka moto komwe kamatsala pa chakudyacho amakatcha "wok hei", mpweya wa chiwaya, ndipo wophika amayesedwa ndi kameneko. Amene munadyapo kanyenya wa pa chiwaya chotentha bwino, n'kudyanso wa pa moto wofooka, mukudziwa kusiyana kwake. Ali ndi msuzi womwe amauwiritsa maola atatu kapena anayi, abakha ndi nkhumba zootcha zomwe amazipachika pa windo la shopu, ndi phala la mpunga lotchedwa "juk", la m'mawa komanso la odwala. Osauka ankadalira nsomba youma yamchere: kachidutswa kamodzi kankatsitsa mbale yonse ya mpunga, ngati mmene usipa ungapo umatsitsira nsima. Msuzi wina wotchuka, wopangidwa kuchokera ku nkhono za m'nyanja zotchedwa oyster, unayamba kugulitsidwa ndi Lee Kum Sheung mu 1888 m'chigawo chomwecho, ndipo kampani yake ya Lee Kum Kee ikadalipo.

Anafika bwanji ku Joni?

Zaka zomwe nyumba za tiyi zinkakula ku Guangzhou, kumidzi ya Guangdong kunali mavuto: nkhondo, njala, kuchepa kwa minda ndi kuchuluka kwa anthu. Anyamata ankakwera zombo kupita ku America, Australia, Mauritius ndi kwina. Golide atapezeka pa Witwatersrand mu 1886, ena analunjika ku Johannesburg. Ngakhale kufupi ndi kwathu kuno anafika: ku Beira ndi ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, kunali magulu a anthu a ku Guangdong ogwira ukalipentala, a magolosale ndi olima ndiwo zamasamba, ndipo ambiri anachoka Mozambique italandira ufulu mu 1975.

Ku Transvaal anapeza zitseko zotseka. Lamulo la nambala 3 la 1885 linkaletsa anthu a ku Asia kukhala nzika kapena kugula malo kupatula m'madera osankhidwa, ndipo malamulo a migodi sankawalola kukumba golide mwa iwo okha. Anadzera golide, koma anathera m'magolosale ang'onoang'ono, m'malo ochapira zovala ndi m'minda ya ndiwo zamasamba. Ambiri anasonkhana ku Ferreirastown, kumapeto a kumadzulo kwa Commissioner Street, ndipo deralo linkadziwika ngati la anthu a ku Canton. Ndi pamene panabadwira Chinatown yoyamba ya Johannesburg. Anzawo ena ochokera ku Guangdong komweko koma oyankhula Hakka, omwe ku South Africa amatchedwa a Moiyean, anakhazikika kwambiri m'matauni a m'mbali mwa nyanja monga Port Elizabeth ndi East London.

Apa tisasokoneze magulu awiri. Nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu itatha mu 1902, eni migodi anasowa antchito otsika mtengo. Pakati pa 1904 ndi 1907 anabweretsa Matchaina opitirira 63,000 pa kontirakiti, ambiri ochokera kumpoto kwa China osati ku Canton. Ankakhala m'makomponi otsekedwa, ndipo pofika 1910 pafupifupi onse anali atabwezedwa kwawo. Nthawi yomweyo Wenela inali itayamba kulemba amuna a ku Nyasaland, kuyambira 1903, mpaka mu 1913 pamene analetsa chifukwa anthu ochokera kumaiko otentha ankamwalira kwambiri ndi chibayo. Ndiye kuti Mnyasa ndi Mtchaina anakumana kalekale pansi pa nthaka ya Joni, onse atabwera kudzadzaza dzenje limodzi la eni migodi. Koma amene anatsala n'kumanga Chinatown ndi amalonda ang'onoang'ono aja, omwe anabwera okha.

Iwowa sanali anthu ongokhala chete. Mu 1906 ndi 1907 boma la Transvaal linalamula kuti Amwenye ndi Matchaina onse alembetse ndi kudinda zala zonse khumi, ngati akaidi. Mtsogoleri wa Matchaina, Leung Quinn wa bungwe la Cantonese Club, anagwirizana ndi Mohandas Gandhi pokana lamuloli. Onse awiri anatsekeredwa m'ndende mu Januwale 1908. Pa 16 Ogasiti 1908, pa mzikiti wa Hamidia mu Johannesburg, anthu anatentha ziphaso zawo mu chimphika chachikulu chachitsulo, Matchaina ali pomwepo. Mnyamata wina, Chow Kwai For, yemwe analembetsa osadziwa tanthauzo lake, anadzipha mu 1907 chifukwa cha manyazi. Leung Quinn pambuyo pake anathamangitsidwa m'dzikomo.

Khitchini ngati mosungira mbiri

Zaka za tsankho la apartheid zinawapeza ali pakati. Sanali azungu, sanali akuda, ndipo chiwerengero chawo chinali chochepa kwambiri moti boma linkasowa powaika. Sankavota. Lamulo la Group Areas la 1950 linaika mashopu ndi nyumba zawo pachiswe, ndipo kuti munthu akhale m'dera la azungu ankafunika chilolezo, nthawi zina mpaka kupempha oyandikana nawo kuti avomere. Kulowa m'dziko kunali koletsedwa, moti ena ankabwera ndi mapepala a anthu ena, kudzitcha ana a munthu yemwe sanawabale. Mtolankhani Ufrieda Ho analemba za moyo umenewu m'buku lake la 2011, Paper Sons and Daughters, momwe akufotokoza za bambo ake omwe ankayendetsa juga ya manambala yotchedwa fahfee m'malokeshoni. Mu 1968, pakhomo penipeni pa Chinatown, boma linatsegula polisi ya John Vorster Square, kumene omenyera ufulu ambiri anazunzidwa ndipo ena anafera momwemo.

Pakati pa zonsezi, chomwe chinkawasonkhanitsa chinali chakudya. Mabanja anali omwazikana, aliyense kuseri kwa kagolosale kake m'malokeshoni ndi m'matauni a migodi. Koma ankabwera ku Commissioner Street kudzagula mpunga, msuzi wa soya, bowa wouma, nsomba yamchere ndi masamba a tiyi. Shopu ya Sui Hing Hong inatsegulidwa mu 1943, ndipo lesitilanti ya Swallows Inn inayamba m'zaka za m'ma 1940 momwemo. Kumeneko ndi m'makalabu awo ndi komwe ankamva nkhani za kumudzi, kupezerana ntchito, kukambirana za maukwati ndi maliro, ndi kudyerera chaka chatsopano cha Chitchaina ndi makombola. Zomwe sizinkapezeka m'mashopu ankadzala kuseri kwa nyumba: mpiru wa Chitchaina, mavwende owawa ndi zina.

Chakudyacho chinasinthanso. Pophikira azungu ndi ena osazolowera, ankachepetsa mafupa ndi ziwalo zamkati, n'kuchulukitsa shuga ndi zokazinga. Nkhumba ya msuzi wotsekemera ndi wowawasa, mpunga wokazinga ndi chow mein, zomwe anthu ambiri lero amati ndiye "chakudya cha Chitchaina", ndi zophika za ku Canton zomwe zinasinthidwa kuti zigulike kunja. Kunyumba kwawo ankadya zina: nsomba ya nthunzi, msuzi wa maola ambiri, juk. Panali mbale ya kasitomala ndi mbale ya pakhomo. Ana obadwira ku Joni ambiri anakula akuyankhula Chingerezi, ena osatha kuwerenga zilembo za Chitchaina, koma maina a zakudya ankawadziwa m'chinenero cha agogo awo. Chinenero chinayamba kutha, chiwaya chinatsala.

Chinatown yachiwiri

M'zaka za m'ma 1980 kunabwera a mafakitale ochokera ku Taiwan, omwe boma la apartheid linawakopa. Kenako apartheid itatha, makamaka South Africa itakhazikitsa ubale ndi boma la Beijing pa 1 Januwale 1998, kunafika anthu ambiri kuchokera ku Fujian ndi zigawo zina. Nthawi yomweyo mabizinesi ankathawa pakati pa mzinda chifukwa cha umbanda, ndipo ana ambiri a mabanja akale aja, ataphunzira udokotala ndi uinjiniya, anasamukira ku Canada ndi Australia. Commissioner Street inayamba kuzizira. Obwera kumenewa anamanga Chinatown yawo ku Cyrildene, mu msewu wa Derrick Avenue, komwe lero kuli zipata zazikulu za Chitchaina. Kumeneko mumamva Mandarin kwambiri, ndipo zakudya n'za madera osiyanasiyana: za tsabola za ku Sichuan, za ufa wa tirigu za kumpoto, komanso dim sum ndi abakha ootcha a ku Canton.

Mabanja akale aja anayenera kumenyanso nkhondo ina. Malamulo atsopano othandiza omwe anaponderezedwa sankawatchula, chonsecho iwo analibe voti mpaka 1994. Bungwe lawo la Chinese Association of South Africa linapita kukhoti, ndipo mu Juni 2008 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula kuti Matchaina omwe anali nzika 1994 isanafike awerengedwe pamodzi ndi anthu omwe anasalidwa. Tangoganizani, zaka zoposa 100 ali m'dzikomo, akufunsidwabe kuti kodi inu ndi ayani.

Kwathu kuno ubale ndi Matchaina unadzera njira ina. Malawi inali pa ubale ndi Taiwan kuyambira 1966, mpaka kumapeto a 2007 pamene boma la Bingu wa Mutharika linatembenukira ku Beijing. Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe ndi sukulu ya ukachenjede ya MUST pa Ndata, m'boma lathu lomwe lino, yomwe inatsegulidwa mu 2014, ndi zipatso za ubale umenewo. Matchaina omwe timawaona kuno ndi a gulu latsopanoli, ochokera m'zigawo zosiyanasiyana, osati zidzukulu za a pa Commissioner Street.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Mwina wina akuti, za Matchaina zatikhudza pati ife a kwa Khwethemule? Tamverani. Ambiri a ife kuno ndi zidzukulu za anthu obwera. Kuyambira cha m'ma 1900, Alhomwe ankawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa njala, misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anafikira pa malo a azungu a maesiteti, ndipo kuti apatsidwe pokhala ankagwira thangata. Manja awo ndi omwe anagwetsa mitengo, kudzala ndi kuthyola tiyi yemwe tamulondola kuchokera ku Canton uja. Ankatchedwa ndi dzina lonyoza loti Anguru, mpaka Lewis Bandawe ndi anzake anakhazikitsa bungwe la Alhomwe mu 1943 n'kumenyera kuti dzinalo lisiyidwe.

Ndipo ankanyozedwa ndi chiyani? Chakudya. Amene munakulira kuno mukudziwa chipongwe choti Alhomwe amadya njoka. Anthu a ku Canton nawonso amanyozedwa chimodzimodzi, ngakhale ndi Matchaina anzawo akumpoto, kuti amadya chilichonse choyenda. Kwa iwo msuzi wa njoka ndi chakudya chodziwika cha nyengo yozizira, ndipo sachita nacho manyazi. Mlendo akafika pamalo, chinthu choyamba chomwe eni mudzi amaseka ndi mphika wake. Ndiye pali njira ziwiri: kubisa mphikawo, kapena kuusunga mpaka osekawo adzayambe kupempha kulawa. Anthu a ku Canton anasunga wawo, ndipo lero dim sum ikudyedwa ku London, ku New York ndi ku Sandton pa mtengo wokwera.

Ife tinabisa zambiri. Chilhomwe ambiri a msinkhu wathu sitiyankhula, mwina moni yekha. Chatsala n'chiyani? Kalongonda, makaka, nandolo, chinangwa chophika pamodzi ndi nyemba. Koma tinene chilungamo, ndi angati mu kalabu muno angaphike kalongonda payekha? Nyemba imene ija si yamasewera. Ukaiphika mwachidule imaledzeretsa ndi kudwalitsa. Imafuna kuwiritsa maola ambiri, kusenda makoko, kutaya madzi n'kuthira ena kangapo mpaka poizoni atatha. Luso limeneli silinalembedwe pa paketi, lili m'mitu ya agogo athu. Akapita osatiphunzitsa, tidzangoionera pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, kamodzi pa chaka mu Okutobala, ngati chionetsero. Ndipo musaganize kuti chakudya sichitha. Thyolo inkadyetsa nthochi dziko lonse, koma matenda a chisaka atalowa, minda yambiri inazulidwa, ndipo pali ana ena akukula osaudziwa mkate wokulunga m'masamba. Izi sizikukhudza Alhomwe okha. Amang'anja, Angoni ndi Ayao a m'boma lino aliyense ali ndi mphika wake womwe ukuzirala.

Palinso nkhani ya tiyi mwini wakeyo. Ku Canton wonyamula katundu pa doko anasandutsa kapu ya tiyi kukhala mwambo womwe dziko lonse likuudziwa. Ife tiyi timadzala, timapalira, timathyola masamba awiri ndi kansonga kuyambira m'mamawa, timapita naye pa sikelo, koma wambiri amapita kunja, ndipo wochuluka ndithu amapita ku South Africa komweko. Ambiri a ife sitinalawepo tiyi wobiriwira kapena mitundu ina yomwe imakonzedwa m'boma lathu lomwe lino. Timadziwa wa masamba oderako, shuga masipuni atatu. Palibe cholakwika ndi ameneyo, koma kodi si zodabwitsa kuti mlendo wochokera kutali amatha kusiyanitsa kukoma kwa tiyi wa ku Thyolo kuposa mwana wobadwira m'mizere yake?

Taganiziraninso abale athu ali ku Joni. Kuyambira masiku a Wenela, kudzafika pa ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974 yomwe inapha Amalawi 74 ochokera ku migodi, kudutsa nthawi ya Theba mpaka mabasi a lero, takhala tikupita kumeneko zaka zoposa 100, pafupifupi mofanana ndi a ku Canton. Ambiri akukhala moyo wa mapepala osakwanira ndi mantha a zipolowe zodana ndi alendo monga za 2008 ndi 2015. Ndipo mukaona katundu wokwera mabasi opita kumeneko, mupeza ufa woyera, usipa, mpunga wa Kilombero, nandolo, tsabola wa kambuzi. N'chimodzimodzi ndi nsomba yamchere ndi bowa wouma wa pa Commissioner Street. Ana awo obadwira kumeneko akuyankhula Chizulu ndi Chingerezi. Tsiku lina chomwe chidzawauze kuti kwawo ndi ku Thyolo chidzakhala mbale ya nsima ndi nandolo, ngati amayi awo anaphunzira kuphika asananyamuke.

Ntchito ya mwezi uno

Ndiye tisangowerenga n'kudina chala chokweza basi. Pempho langa kwa membala aliyense ndi ili: mwezi uno mukhale pansi ndi agogo, azakhali kapena amalume achikulire, muwafunse za chakudya chimodzi chomwe ankadya ali ana koma lero sichiphikidwa kawirikawiri. Funsani dzina lake m'chinenero chawo, zofunika, kaphikidwe kake kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nyengo yake, komanso amene anawaphunzitsa. Ngati avomera, ajambuleni mawu pa foni. Anyamata, musati izi n'za atsikana. Ophika otchuka a dim sum ambiri ndi amuna. Amene muli ndi abale ogwira ntchito m'makhitchini a Matchaina ku Joni, afunseni kuti abwana awo kwawo n'chigawo chiti, ndipo amadya chiyani makasitomala akapita. Mudzadabwa ndi mayankho ake.

Zomwe mwapeza mubwere nazo pa msonkhano wathu wotsatira, ndipo tizidzaika pa tsamba lino chimodzichimodzi. Amene angathe abweretse ndi chophikacho kuti tilawe. Tiyi tidzafulula konko, ndipo tsiku limenelo kapu yoyamba tidzayese kumwa yopanda shuga, aliyense atayamba wathirira mnzake.